Tsiku Lomwe Foloko Idandichititsa Manyazi

Mu June 2015 ndidalandira malipiro anga oyamba a uphunzitsi. Ndidali nditangomaliza maphunziro a digiri pa yunivesite ya Mzuzu, ku Luwinga, ndipo ndinkakhala m'kanyumba ka lendi ku Chibavi. Kalekale ndidali nditalonjeza mumtima kuti ndalama yanga yoyamba ndidzadyera limodzi ndi amayi anga, omwe adandilipirira fizi ndi ndalama za mtedza kwathu ku Kasungu. Choncho ndidawatumizira yokwerera basi, iwo n'kuuyamba ulendo wodzera ku Jenda mpaka kudzatsikira padepoti ya Mzuzu.

Sindidafune kuwatengera pachiwaya cha tchipisi ayi. Ndidasankha hotela ina yapamwamba mumzindamu. Vuto lidali lakuti ineyo ndidali ndisadapondeko kumalo otere chibadwire. Ndidapita kwa mphunzitsi mnzanga wina wachikulire, yemwe adali atazolowera misonkhano ya m'mahotela, kuti andilange.

"Aphunzitsi, imbani foni msanga kuti akusungireni tebulo, ndipo mukafike pa nthawi yake mutavala zaukhondo," adatero mayiwo. "Mukakhala pansi, kansalu kopukutira muyale pamiyendo. Foloko imakhala kudzanja lamanzere, mpeni kumanja. Zikakhala zambirimbiri, yambani ndi zakunja n'kumalowa m'kati. Tambula yanu ndi ya kumanja, kambale ka buledi ndi ka kumanzere. Mukatha kudya, ikani foloko ndi mpeni pamodzi m'mbalemo kuti woperekera zakudya adziwe kuti achotse. Koma chachikulu, chomwe simukuchidziwa mufunse."

Zonsezo ndidaziloweza kupatula langizo lomalizalo. Masiku atatu athunthu ndidakhala ndikuyeserera kudula mbatata yophika ndi foloko ndi mpeni. Tili m'takisi ndidayamba kuwaphunzitsa amayi malamulo aja, pakuti pansi pamtima ndinkaopa kuti andiyalutsa. Iwo adangondiyang'ana nati, "Kodi mwana wanga, tikupita kokadya kapena kokalemba mayeso?"

Titafika, mnyamata woperekera zakudya adatilonjera mwaulemu n'kutipatsa menyu ya m'Chingerezi. Ine, pofuna kuoneka wozindikira, ndidaloza nyama ya ng'ombe ya dzina lomwe sindinkalidziwa. Atandifunsa kuti aiotche motani, ndidangovomera mawu oyamba omwe adatchula. Amayi sadavutike nazo. "Bambo, ine izi sinditha kuwerenga. Tandiuzani, nsima ilipo?" Mnyamatayo adamwetulira n'kuwafotokozera kuti ilipo, ya chambo chochokera kunyanja, komanso kuti kuli mpunga wa Kilombero wa ku Karonga. Iwo adasankha nsima n'kupempha madzi osamba m'manja. Ndidazyolika ndi manyazi. Koma taonani, mnyamata uja adabwera ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda, n'kuwathirira monga momwe timachitira kwathu.

Mbale yanga itafika ndidazizidwa nkhongono. Nyama ija idali yofiira m'kati, ikuchucha madzi onga magazi, pakuti ndidali nditavomera yongowaula pamwamba. Poti ndiidule mwamphamvu, foloko idaterereka, nthuli n'kudumphira pansalu yoyera ya patebulo. Thukuta lidatuluka ngakhale kuti kunja kudali chisanu cha June chomwe a ku Mzuzu amachidziwa bwino. Amayi sadaseke. Adangokankhira mbale yawo pakati nati, "Samba m'manja tidye, chambochi n'chachikulu."

Mayeso achiwiri adabwera ndi bilu. Ndidali nditawerengera mitengo ya pamenyu yokha, osafunsa ngati misonkho, monga wa VAT ndi wa zokopa alendo, idali kale m'kati. Ndalama idaperewera. Amayi adamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo n'kundipatsira ndalama kunsi kwa tebulo kuti wina asaone. Potuluka adampatsa mnyamata uja kangachepe n'kumuthokoza m'Chitumbuka chomwe adatola m'basi: "Yewo chomene." Iye adatiperekeza mpaka pakhomo.

Usiku umenewo tulo sitidabwere. Ndidadzifunsa kuti pakati pa ine wa digiri ndi amayi omwe adalekezera Sitandade 4, adaonetsa khalidwe ndani? Iwo adapereka moni, adafunsa zomwe sankazidziwa, adadikira kuti mbale zonse zifike asadayambe kudya, sadayankhule chakudya chili m'kamwa, adabisa manyazi a mnzawo ndipo adathokoza. Ine ndidaloweza za zitsulo koma ndidaiwala mwambi uja wakuti safunsa adadya phula.

Inu a Folomu 4, mukangolemba mayeso a MSCE dziko likuitanani. Ena mudzaitanidwa ku madyerero a ukwati, ena ku misonkhano ya ntchito, ena kukadya ndi bwana yemwe akufuna akuoneni khalidwe asadakulembeni ntchito. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, choncho malangizo a mphunzitsi mnzanga aja asungeni. Onjezanipo izi: foni ikhale m'thumba, woperekera zakudya musamuitane ndi likhweru kapena kuomba m'manja, ndipo ngati wina ndiye akulipira, musathamangire chakudya chodula kuposa chake. Ngati olipira ndinu, funsiranitu mtengo wonse ndipo tengani ndalama yapadera.

Komabe musaganize kuti mwambo wa pachakudya udabwera ndi azungu. Amene adakuphunzitsani kusamba m'manja akulu atayamba, kusasankha nthuli yaikulu ndi kusanyambita zala pamaso pa alendo, adakukonzekeretsani kale. Chosiyana ndi zida chabe, ndipo zida munthu amaphunzira tsiku limodzi.

Masiku ano foloko ndimaigwira bwinobwino. Koma ndikakhala patebulo la nsalu yoyera, ndimakumbukira dzanja la amayi likundipatsira ndalama mobisa, ndipo ndikapanda kumvetsa zolembedwa pamenyu, ndimafunsa.