Masiku 90 a uchembere ndi anu, koma kalasi itsala ndi yani?

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, lero tikambe poyera nkhani imene timangoinong'onezana pa nthawi yopuma, ya tchuthi cha uchembere. Mphunzitsi wamkazi akangooneka kuti ndi woyembekezera, pasukulu pamabuka mafunso awiri. Mwini wake amadzifunsa kuti ndikachira ndidzakhala masiku angati pakhomo, nanga malipiro adzabwera onse? Anzake ndi makolo amafunsa kuti ana athuwa adzatsala ndi yani? Funso loyamba lamulo linayankha kale. Lachiwirili ndi limene timalisiya mpaka tsiku lomaliza, ndipo likasowa yankho limayamba kudya masiku amene lamulo linapereka kwa mayi.

Ndiyambe ndi lamulolo, poti ambirife tinatuluka ku IFP tikudziwa kukonza phunziro bwinobwino koma za ufulu wathu pantchito tinkangomva m'maluwa. Ife ogwira ntchito m'boma timayendera lamulo lija timalitchula mwachidule kuti EGFAE. Kale linkapereka masiku 60. Lamulo nambala 10/2017 la pa 1 Ogasiti 2017 linakweza masikuwo kufika pa 90, ndipo EGFAE yatsopano ya 2022 inawasunga choncho. Mayi atha kuyamba tchuthicho kutatsala masiku 20 kuti achire, ndipo chimaphatikizika ndi tchuthi chake cha pachaka, sichilowa m'malo mwake. Mwana akabadwa masiku asanakwane, ngakhale atabadwa atamwalira kale, masikuwo sachepa. Malipiro a pamwezi amabwera onse. Mayi akabwerera kuntchito ali ndi ola limodzi tsiku lililonse loti akayamwitse, kwa chaka chathunthu. Izi ndi za tonse, amene tinakhazikitsidwa kale pantchito ndi anzathu a kontalakiti omwe. Anzathu a m'sukulu zoyima pazokha amayendera lamulo la ntchito, ndipo nalonso, nambala 13/2023, linachoka pa masiku 60 kufika pa 90.

Ine ndinalawa mbali zonse ziwiri. Mwana wanga woyamba anabadwa mu Epulo 2016, nthawi ya masiku 60. Ndinabwerera m'kalasi mu Juni, ndipo amene mukudziwa Juni wa kuno ku Domwe mukudziwa mphepo yotsika m'phiri muja, yoti choko chimakanika kugwirika m'mawa. Mwana anali ndi miyezi iwiri, khosi lisanalimbe. Ndinkamusiya ndi mng'ono wanga atamufunditsa zitenje zitatu, ine n'kumaphunzitsa maganizo ali kunyumba, bulauzi ikunyowa ndi mkaka. Wachiwiri anabadwa mu Ogasiti 2023, ndipo ndinakhala masiku 90 onse. Masiku 30 owonjezerawo papepala amaoneka ochepa, koma m'thupi la mayi ndi ambiri. Ndinabwerera msana utalimba, mwana akuseka, akudziwa nkhope ya agogo ake. Amene anamenyera kuti masikuwa akwere ndimawathokoza.

Komabe tisadzinamize kuti tafika. Bungwe la ILO, mu pangano lake nambala 183 la chaka cha 2000, limati tchuthichi chisachepere masabata 14, amene ndi masiku 98. Ife tikuperewera ndi masiku 8. Ku Zambia lamulo la ntchito la 2019 limapereka masabata 14 amenewo. Kutsidya kwa malire kuno, ku Malawi, lamulo la ntchito limapereka masabata 8, kamodzi pa zaka zitatu. Ndiye sitili kumbuyo kwenikweni, komanso sitili patsogolo. Ndipo kusikelo anamwino amatiuza zimene a WHO amanena, kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, osampatsa phala ngakhale madzi. Miyezi 6 ndi masiku pafupifupi 180. Tchuthi chimatha tili pakati pa ulendo. Miyezi itatu yotsalayo yonse imadalira ola limodzi lija.

Za ndalama nazo ndinene zoona zake. Malipiro anga a pamwezi anabwera osadulidwa, miyezi yonse itatu. Koma ambirife kumudzi kuno timagwira makalasi awiri, ina m'mawa ina masana, ndipo ndalama ya kalasi yachiwiriyo ndi ya maola owonjezera, aja timati horas extras. Ukakhala pa tchuthi maola amenewo sukuwagwira, ndiye ndalama yake usaiwerengere. Imaima nthawi imene ndalama ikufunika kwambiri: ulendo wa njinga yamoto wopita kusikelo, sopo wa matewera, malipiro a mlezi, ndi ndalama yosungira mwadzidzidzi ngati achipatala atati thamangirani ku Ulongwe. Mnzanga amene uli ndi pakati, khala pansi ndi bambo a kunyumba muwerengere miyezi itatuyo ndi malipiro a pamwezi okha basi.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani. Mu 2023 ndinali ndi kalasi yachiwiri ya zilankhulo ziwiri, ana opitirira 70. Anali atayamba kugwira bwino maphatikizo ovuta aja, mba, nkha, tsa, ndipo ena ankawerenga ziganizo zifupizifupi okha. Masiku 90 ndi masabata pafupifupi 13, kutanthauza kuti trimestre yathunthu. Ine nditachoka sipanabwere mphunzitsi wina wodzalowa m'malo mwanga, monga mmene zimakhalira m'sukulu zambiri zimene ndikuzidziwa. Kalasi inapatsidwa kwa mnzathu amene anali ndi mpata masana, bambo wochokera ku Zambézia, mphunzitsi wakhama ndi wokonda ana. Kwawo amalankhula Chichuwabo. Chinyanja chogulira tomato pamsika amachidziwa, koma chophunzitsira mwana kuwerenga ayi. Anachita zimene akanatha: ankalemba Chipwitikizi pabolodi, ana n'kumakopera mwaukhondo zinthu zimene sakuzimva. Iye sanalakwe. Anasenzetsedwa katundu wosakhala wake.

Patangotha masabata atatu nditachira, mauthenga anayamba kufika. Mayi wina anandipeza pakhomo ndikuchapa matewera, anandipatsa mafuno abwino, kenaka anati, "Aphunzitsi, mubwera liti kodi? Mwana wanu uja wayamba kukana sukulu, akuti sakumva kanthu." Sananene mwachipongwe, anali ndi nkhawa yeniyeni, ndipo mawu akuti mwana wanu anandilasa. Wina pamsika anaponya mawu akuti walira mvula walira matope, ngati kuti kubereka ndi mlandu umene ndiyenera kulipira. Usiku ndikuyamwitsa ndinkawerenga masiku, n'kumaganiza zongopita ngakhale maola awiri patsiku. Apongozi anga ataona kuti ndatulutsa mabuku a kalasi anandiuza kuti, "Naphiri, ana a kusukulu ali ndi aphunzitsi ambiri, uyu ali ndi bere limodzi lokha, lanu. Bwezerani mabukuwo m'chikwama." Ndinawamvera, ndinakhala mpaka tsiku la 90.

Ndikudziwa anzanga amene sanapirire mawu otere. Anabwerera masiku asanakwane, wina chilonda cha opaleshoni chisanapole. Palibe kalata imene inawaitana. Chinawaitana ndi chisoni cha pa ana, ndi manyazi poona mnzawo akuvutika ndi makalasi atatu. Umu ndi mmene masiku 90 amasandukira 60 popanda wina wosintha lamulo.

Kalasi yanga inapulumuka chifukwa cha mnzanga wa kalasi yoyamba, mayi wa konkuno amene anaphunzira kaphunzitsidwe ka Chinyanja. Pa sabata yachisanu anakhala pansi ndi a pedagojiko ndi bambo uja, n'kugawana ntchito. Iye akaweruka m'mawa ankatsala kuti aphunzitse ana anga kuwerenga, kulemba ndi masamu m'Chinyanja. Bambo uja anatenga Chipwitikizi cha pakamwa, chimene ana a makalasi oyambirira amayenera kuphunzira kale, pamodzi ndi zojambula ndi masewera. Aliyense anagwira chimene amachidziwa, ndipo ana anayambanso kubwera. Nditabwerera mu Novembala ndinapeza ambiri akuwerenga, ngakhale kuti ena asanu ndi mmodzi anali atabwerera m'mbuyo kwambiri ndipo ndinalimbana nawo mpaka kutseka sukulu. Nzeru imeneyi sinafune ndalama kuti ipezeke. Inangochedwa ndi masabata anayi chifukwa palibe amene anaiganizira mimba ili yaing'ono.

Koma mnzangayo anagwira maola amenewo ndi thupi lake, ali ndi ana ake kunyumba ndi dimba lake la kachewere lomudikira. Ndalama yake ya maola owonjezera inachedwa mpaka tinasiya kuifunsa. Nonse mukudziwa kuti kuchedwa kwa ndalama imeneyi ndi dandaulo la aphunzitsi m'dziko lonse kuyambira nthawi imene TSU inayamba mu 2022. Ine ndinamupititsira nkhuku ndi ndowa ya nyemba, koma nkhuku si malipiro. Ndikaganiza bwino ndimaona kuti tchuthi changa chinalipiridwa pawiri: boma linandipatsa malipiro, ndipo mayi mnzanga anapereka masana ake onse kwa miyezi iwiri. Tchuthi cha mayi mmodzi chisamakhale ngongole pamsana pa mayi wina.

Chimandiwawa n'chakuti chigawo chathu cha Tete si chachilendo pa maphunziro a zilankhulo ziwiri. Kuyesa koyamba m'dziko muno, kuja kunkatchedwa PEBIMO, kunachitika kuyambira 1993 mpaka 1997 ndi Chinyanja kuno ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. Papita zaka zopitirira 30. Tinaphunzira kuti mwana amene wayamba kuwerenga m'chilankhulo chake sasinthidwa pakati pa chaka ngati malaya. Ndiye tiyenera kuphunziranso kuti aphunzitsi ambiri a makalasi oyambirira ndi amayi a msinkhu wobereka, ndipo mimba sibwera modzidzimutsa ngati maliro. Imapereka miyezi yambiri yokonzekera.

Nazi zimene ndikuona kuti tingachite tokha, osadikira kuti lamulo lisinthe. Mnzanga woyembekezera, uza akulu a sukulu msanga, mwezi wachinayi kapena wachisanu, ndipo pempho la tchuthi ulilembe, usunge kope lako. Usiye ndondomeko ya maphunziro a masabata 13 ndi mayina a ana amene akutsalira, kuti wotenga kalasi asayambe mumdima. Inu akulu a sukulu, wolowa m'malo adziwike mayi asanachoke, ndipo akhale naye m'kalasi ngakhale masiku atatu kuti ana amuzolowere. Pa misonkhano ya ZIP tilembe mayina a aphunzitsi onse amene angathe kuphunzitsa m'Chinyanja m'sukulu zoyandikana, kuti pakagwa mpata tidziwe kogogoda. Maola amene mnzathu wagwira m'malo mwa wina alembedwe tsiku ndi tsiku ndi kusainidwa, kuti pofunsa ndalama pakhale umboni.

Ola loyamwitsa nalo likonzedwe mwanzeru. Kwa mayi amene nyumba yake ili kutali, ola limodzi limathera m'njira. Ine ndinapempha kuti ola langa ligundane ndi nthawi yopuma, ndipo mlezi ankabwera ndi mwana kusukulu. Ndinkayamwitsa kuseri kwa kalasi, pansi pa mtengo, mvula ikagwa n'kuthawira mosungira mabuku. Inu a khonsolo ya sukulu, amene mumaumba njerwa za makalasi, kachipinda kamodzi kokhala ndi mphasa ndi chitseko sikangakukanikeni. Ndipo inu aphunzitsi aamuna, lamulo limakupatsani masiku a tchuthi mkazi wanu akachira. Atengeni, mukatunge madzi ndi kuwaza nkhuni. Mukatero mudzasiya kuona tchuthichi ngati mwayi wa akazi wothawira ntchito.

Makolo, nkhawa yanu ndi yoona, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti mwana wanu akuphunzira chiyani. Koma funsolo mupite nalo ku ofesi ya sukulu ndi ku khonsolo, mimba ikangooneka, osati pakhomo pa mayi amene wangotuluka m'chikuta. Kunyumba muthandizeko: mwana akuwerengereni buku lake la Chinyanja madzulo, ngakhale inu simudziwa kuwerenga, mungomvetsera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero. Mphunzitsi amakhala ndi ana anu miyezi yonse ya chaka. Wakhanda wakeyo naye ndi wanu, mulekereni amayi ake miyezi itatu.

Ndipo iwe mnzanga amene ukuwerenga izi dzanja lili pamimba, masiku 90 ndi ako onse. Sukupempha chifundo kwa munthu. Konza kalasi yako bwino usanachoke, upereke makiyi, upite ukachire. Ife otsala tigawane ntchitoyo, ndipo tiumirire kuti amene waisenza alipidwe. Amene pasukulu panu munapeza njira ina yoyendetsera kalasi mayi ali pa tchuthi, tiuzeni mmene munachitira, anzanu titengereko.