Foni Ikadzaza, Musathamangire Kufomata

Pa sukulu iliyonse pamakhala mphunzitsi mmodzi amene anthu amamusenzetsa ntchito yomwe sanaipemphe. Pano ntchito yoona mafoni a anthu inagwera ine. Aphunzitsi anzanga, alonda, amayi ophika, ngakhalenso makolo obwera kudzalipira fizi amandipatsa mafoni awo kuti ndiwaonere. Ambiri mwa mafoniwa ndi a itel ndi Tecno, ena a Infinix, ndipo matenda ake ndi amodzimodzi: kuchedwa kutsegula, kuima osayenda, ndi uthenga wachingerezi wosatha uja wonena kuti malo atsala pang'ono kutha. Mankhwala amene aliyense anamva kwa mnzake ndi amodzinso: kufomata. Dzina lake lenileni ndi factory reset, kutanthauza kubwezeretsa foni mmene inalili tsiku limene inatuluka ku fakitale. Ndi ntchito yosavuta, moti ngakhale mwana wa Fomu 1 angathe kuigwira. Kusavuta kwakeko ndi kumene kumandidetsa nkhawa.

Tiyambe ndi chifukwa chimene mafoni athuwa amadzazira msanga. Mitundu itatu ndatchulayi imapangidwa ndi kampani imodzi, Transsion, ya mumzinda wa Shenzhen ku China. Kampaniyi inatiwerenga bwino: inatipatsa malo a ma SIM awiri, kuti Airtel ndi TNM zikhale m'thumba limodzi, komanso batire lopirira magetsi akathima. Kuti mtengo utsike, anachepetsa zina. Mafoni otsika mtengo ambiri ali ndi RAM ya 1GB kapena 2GB, ndi malo osungira zinthu a 16GB kapena 32GB, ndipo gawo lalikulu ndithu la malowo limakhala litadyedwa kale ndi Android yomwe imayendetsa foniyo. Ambiri amayendera Android Go, yomwe Google inatulutsa mu 2017 poganizira mafoni ochepa mphamvu. Tsono pa kankhokwe kakang'ono kotere onjezanipo gulu la WhatsApp la banja, la mudzi, la makolo a kalasi, la ukwati wa mwezi wamawa, ndipo gulu lililonse likutumiza mavidiyo usiku ndi usana. Pakatha chaka nkhokwe yadzaza.

Chinanso n'chakuti masiku ano foni sitayidwa. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kugula foni yatsopano si nkhani yamasewera. Foni imodzi imachoka kwa bambo kupita kwa mayi, kwa mayi kupita kwa mwana, kwa mwana kupita kumsika wa Limbe. Paliponse pamene ikusintha mwini, nkhani yofomata imabwera.

Umu ndi mmene inabwerera kwathu. Achemwali anga aakulu amagulitsa tomato ndi anyezi pafupi ndi pokhotera ku Nguludi. Amuna awo, alamu anga, ankasoka zovala ku Durban, ndipo anamwalira komweko. Chaka chatha achemwali atapeza foni ina, anaganiza zopereka itel yawo yakale kwa mwana wawo wamwamuna, yemwe ali Fomu 3, kuti aziwerengera mapepala a mayeso akale a MANEB. Mnyamatayo anali ataona kale kwa anzake mmene amafomatira, ndipo zala zinkamuyabwa. Mwamwayi mayi ake anati ayambe aonana ndi amalume.

Ndinawafunsa funso limene ndimafunsa aliyense: "Achemwali, m'foni muno muli chiyani chimene simungachipezenso kwina?"

"Mulibe kanthu achimwene," anatero. "Ndi zithunzi za tomato ndi mavidiyo a m'magulu basi."

Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Koma mawu a bambo ake ali momwemo."

Alamu sankakonda kulemba. Madzulo alionse akaweruka ankajambula mawu n'kutumiza: kufunsa za mvula, za mitengo ya feteleza, kukalipira mwana pa nkhani ya masamu, nthawi zina kungoseka. Mauthenga amenewo sanali kwina kulikonse padziko lapansi. Foni ya alamu inasowa m'chipwirikiti cha maliro, ndipo WhatsApp sisunga mauthenga athu ku makompyuta ake akafika kwa mwini wake. Anthu ambiri amaganiza kuti zonse zili "pa intaneti" ndipo zidzabwera zokha. Sizibwera zokha ayi. Zimabwera pokhapokha ngati munthu anazisunga.

Ntchito yomwe mphwanga ankaganiza kuti ndi ya mphindi zisanu inatitengera masiku atatu, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni mmene tinayendera, chifukwa njira yake ndi yomweyo kwa aliyense.

Choyamba chinali akaunti ya Google. Ndinafunsa achemwali dzina la Gmail yawo ndi pasiwedi yake, iwo n'kundiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina. Akauntiyo anawatsegulira mnyamata wa mushopu tsiku limene anagula foniyo, ndipo sanawalembere paliponse. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa chagada. Kuyambira pa Android 5.1, yomwe inatuluka mu 2015, mafoni ali ndi chitetezo chotchedwa Factory Reset Protection. Munthu akafomata foni pogwiritsa ntchito mabatani a m'mbali, akauntiyo isanachotsedwe, foni ikayaka imafuna Gmail ndi pasiwedi ya mwini wake wakale. Popanda zimenezo sipita patsogolo. Cholinga chake n'chabwino: wakuba asapindule ndi foni yakuba. Koma loko sadziwa nkhope. Amatsekera kunja wakuba, amatsekeranso kunja mwini nyumba amene wataya kiyi. Mnansi wathu wina anagula foni yogwiritsidwapo kale ntchito kwa munthu wongoyenda nayo m'manja m'tauni. Atafika kunyumba n'kuifomata, inamufunsa akaunti ya munthu amene sanamuonepo. Mpaka lero ili m'kabati.

Ife tinapeza dzina la Gmail mu Settings, pamene pamaonetsa ma akaunti. Pasiwedi tinaisintha mosavuta chifukwa akauntiyo inali yolumikizidwa ku nambala ya achemwali, ndipo Google inatumiza manambala achinsinsi pa SMS. Kenaka tinadikira. Google imalangiza kuti munthu akangosintha pasiwedi adikire maola 24 asanafomate, chifukwa foni ikhoza kukana pasiwedi yatsopanoyo.

Chachiwiri chinali kusamutsa katundu. WhatsApp ili ndi njira yosungira macheza ku Google Drive, pa Settings, Chats, kenaka Chat backup. Akaunti iliyonse ya Google imapatsidwa malo aulere a 15GB. Vuto lake ndi bandulo, chifukwa kukweza mavidiyo a zaka zitatu kumadya ndalama ya ndiwo za sabata yonse. Choncho tinasankha kuti mavidiyo asakwere nawo, tinakweza macheza ndi mawu okha. Komabe sindinafune kudalira njira imodzi. Tinagula memori khadi, n'kulowa mu pulogalamu yoonera mafayilo, n'kufufuza chikwatu chotchedwa WhatsApp Voice Notes. Pa mafoni akale chimapezeka mkati mwa chikwatu cha WhatsApp, pa atsopano chinabisidwa mkati mwa Android, media, com.whatsapp. Tinachikopera chonse ku khadi, ndiponso ku laputopu yanga. Tisanapitirire, tinaika khadiyo m'foni yatsopano n'kutsegula fayilo imodzi. Mawu a alamu anamveka m'nyumba monse, akufunsa ngati nandolo wayamba kuchita maluwa. Tsiku limenelo sitinagwirenso ntchito ina.

Manambala a anthu nawonso amafuna kusamala. Ena amakhala pa SIM, ena mu akaunti ya Google, ena m'foni mwenimwenimo, ndipo a m'foniwa ndi amene amapita. Mu pulogalamu ya Contacts muli mawu akuti Export, omwe amasonkhanitsa manambala onse m'kafayilo kamodzi kakang'ono koti n'kuika pa khadi. Kwa achemwali, manambala amenewo ndiwo bizinesi: alimi owagulitsa tomato, woyendetsa njinga yamoto wowanyamulira katundu, makasitomala a ngongole.

Anandifunsanso funso limene makolo ambiri amafunsa mwamantha: nanga ndalama za mu Airtel Money ndi Mpamba? Ndalama sizikhala m'foni. Zimakhala pa nambala yanu, ku kampani, ndipo mukaika SIM m'foni ina iliyonse n'kuimba *211# kapena *444#, mudzazipeza zili momwemo. Chimene chimafufutika ndi mauthenga a SMS otsimikizira kuti munatumiza kapena kulandira ndalama. Ngati munalipira fizi pafoni ndipo simunatenge lisiti, lembani nambala ya umboniyo m'kope musanafomate.

Tsiku lachitatu ndi limene tinafomata. Tinatchaja batire kupitirira 70 peresenti, chifukwa foni ikathima ntchitoyi ili mkati ikhoza kukana kuyakanso. Tinachotsa ma SIM onse awiri ndi memori khadi. Tinachotsa akaunti ya Google mu Settings, n'kuchotsanso loko wa pasikirini. Kenaka tinapita pa System, Reset options, Erase all data. Mayina amasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni, koma mawu oti reset mudzawapeza ndithu. Njira ina ija, yothimitsa foni n'kukanikiza batani loyatsira pamodzi ndi lokwezera mawu, ndi ya pamene foni yakaniratu kutseguka kapena mwaiwala loko. Ndi njira yomwe anyamata amaikonda chifukwa imaoneka yaukatswiri, komanso ndi yomwe imasiya anthu atatsekeredwa kunja.

Ndi bwino kudziwanso zimene kufomata sikungachite. Sikuwonjezera RAM: foni ya 1GB idzakhalabe ya 1GB, ndipo mukabwezamo zonse zija idzayambanso kukwawa. Sikuchiritsa batire lotupa kapena sikirini yosweka. Sikusintha nambala ya IMEI, ya manambala 15 ija imene imaoneka mukaimba *#06#, choncho foni yakuba imadziwikabe kuti ndi yomweyo ngakhale ifomatidwe kakhumi. Pa mafoni ogula pangongole, olipira pang'onopang'ono, sikuchotsa ngongole kapena loko wa kampani. Ndipo nthawi zambiri sikufunika n'komwe. Ngati vuto ndi kudzaza kokha, lowani mu WhatsApp pa Storage and data, kenaka Manage storage, muone mavidiyo akuluakulu amene mwatumiziridwa kangapo konse. Afufuteni, kenaka letsani foni kumangotsitsa yokha chilichonse chobwera m'magulu. Mafoni ambiri amene ndimapatsidwa amachira ndi zimenezi zokha.

Koma pali nthawi imene kufomata n'kofunika, ndipo kusafomata ndiko kulakwa: pamene foni ikupita m'manja mwa munthu wina. Taganizirani zimene zili m'foni ya kholo: chithunzi cha chiphaso cha unzika, mapepala a kuchipatala, mauthenga a ndalama, nkhani za m'banja zosayenera kumveka kubwalo. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, koma lamulo silingabweze chithunzi chimene chafalikira kale m'magulu. Kufufuta zithunzi chimodzichimodzi sikukwanira, chifukwa ma akaunti amakhala akadali otsegula. Mafoni a Android a masiku ano amasunga zinthu mozibisa ndi kiyi wachinsinsi, ndipo pofomata kiyiyo amawonongedwa. N'chifukwa chake wogula sangaone zanu, ndipo n'chifukwa chakenso inu eni simungazibweze mukasintha maganizo. Mpeni wake ndi umodzi, umadula mbali zonse ziwiri.

Foni ya achemwali itayakanso inali ngati nyumba yosesedwa, yopanda mpando ngakhale umodzi. Inatifunsa chilankhulo, ngati kuti sinakhalepo m'thumba la chitenje chawo zaka zonsezo. Mphwanga anatsegula Gmail yakeyake, n'kulemba dzina ndi pasiwedi m'kope limene mayi ake amasunga pamodzi ndi makadi a kuchipatala. Ya mayi ake tinailembanso momwemo. Memori khadi ija ili m'foni yatsopano, ndipo mphwanga anapempha kuti timuikire uthenga umodzi wokha m'foni yake: uja bambo ake ankamukalipira za masamu.

Inu ophunzira, tchuthi chikubwerachi mudzapatsidwa mafoni kunyumba. Agogo, azakhali ndi anansi amakhulupirira kuti aliyense wa ku sekondale amadziwa za mafoni, ndipo pang'ono akunena zoona, chifukwa mumatha kuwerenga Chingerezi cha pasikirini chimene iwo sangathe. Dziwani kuti munthu amene wakupatsani foni yake wakupatsani zambiri kuposa chipangizo. Musawerenge zimene sanakutumeni kuwerenga. Mukamutsegulira akaunti, mulembereni dzina ndi pasiwedi papepala, muike nambala yake osati yanu. Ndipo musanakanikize Erase all data, mumuwerengere m'Chichewa kapena m'Chiyao zimene foni ikunena kuti zifufutika, mumupatse nthawi yoganiza. Anthu akuluakulu sayankha funso lotere msanga. Yankho loyamba limakhala lakuti mulibe kanthu. Dikirani lachiwiri.