Seŵero la Zilembo ndi Tanthauzo la Mawu m'Kalasi

Ife aphunzitsi a m'sukulu za ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri tikudziŵa bwino mtundu wina wa mwana: amalemba mawu a Chingelezi mosaphonya chilembo, koma mukamufunsa tanthauzo lake amangoyang'ana kudenga. Mwana wotere amakhoza tikamamuyesa kalembedwe, nadzagwa pa mayeso a Sitandade 8, pamene ayenera kuŵerenga ndime ndi kuyankha mafunso. Akapitirira ku sekondale vutoli limakula, pakuti wolephera Chingelezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena. Nchifukwa chake tafuna kufotokozera anzathu amene akali ku koleji zimene seŵero la Scrabble latiphunzitsa.

Seŵeroli analiyambitsa Alfred Butts wa ku America m'zaka za m'ma 1930, ndipo dzina lakuti Scrabble linadza mu 1948 ndi James Brunot. Bolodi lake lili ndi timabokosi 225, ndiko kuti mizere 15 ya timabokosi 15. Zilembo zilipo 100, ndipo woseŵera aliyense amagwira 7. Chilembo chofala monga E chimapatsa malikisi 1, K amapatsa 5, J ndi X 8, pamene Q ndi Z amapatsa 10. Wotha zilembo zake zonse 7 pa ulendo umodzi amalandira malikisi 50 apadera. Si seŵero la Azungu okha ayi: mu 2015 Wellington Jighere wa ku Nigeria anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Perth, m'dziko la Australia, nakhala munthu woyamba wa mu Africa kuchita zimenezi.

Tsono akatswiri a seŵeroli amaloŵeza pamtima mawu achilendo amene ngakhale Mngelezi wamba sawadziŵa. Pali "qi", mphamvu ya moyo malinga ndi chiphunzitso cha Atchaina. "Xu", kandalama ka ku Vietnam. "Jo", wokondedwa m'kayankhulidwe ka ku Scotland. Ndiponso "aa", mwala wokhakhala wochokera ku chiphalaphala cha phiri lophulika, mawu obwerekedwa ku Hawaii. Malamulo a mpikisano safunsa tanthauzo. Chofunika nchakuti mawuwo apezeke m'buku lovomerezeka, monga Collins Scrabble Words. Motero munthu angathe kupambana ndi mawu amene sanawamvetse konse. Kodi si matenda omwe aja a mwana wathu?

M'buku lomwelo muli mawu athuathu. "Kwacha" ndi "tambala", ndalama zimene zinaloŵa m'malo mwa paundi ndi shilingi kuno ku Malaŵi mu 1971, zilimo, pamodzi ndi "ngwee" ya anzathu a ku Zambia. "Kwacha" amapatsa malikisi 18. "Tambala" amapatsa 11, koma popeza ali ndi zilembo 7, wowatha pa ulendo umodzi amakolola 61. Woseŵera wa ku London amangodziŵa kuti ndi ndalama ya dziko lina la mu Africa. Koma mwana wa ku Bangwe amadziŵa kuti kwacha ndi pamene mdima wachoka, ndi kuti tambala ndiye amalira kulengeza zimenezo. Tikawafotokozera ana zimenezi nkhope zawo zimaŵala, chifukwa amazindikira kuti pa mawu aŵa eni ake ndi iwo, ndipo Mngelezi ndiye mlendo. Pamenepo amayamba kuona okha kusiyana kwa kuloŵeza mawu ndi kuwadziŵa.

Bolodi logula m'sitolo ndi lokwera mtengo, koma zimenezo sizitigwetsa mphwayi. Ana amatola zitsekerero za mabotolo kumsika, tilembamo zilembo ndi malikisi ake, ndipo bolodi timalijambula pa katoni. Popeza makalasi athu ena ali ndi ana oposa 100, timawagaŵa m'magulu, gulu lililonse liseŵera ngati munthu mmodzi. Paja mutu umodzi susenza denga. Gulu lililonse limakhala ndi mlembi wolemba mawu onse amene aikidwa pa bolodi, ndiponso wosunga dikishonale amene amaweruza pakabuka mkangano.

Lamulo limodzi tinalisintha dala. Gulu likaika mawu limalandira theka la malikisi. Theka linalo limadza pokhapokha mwana mmodzi, wosankhidwa ndi gulu lopikisana nalo, atanena tanthauzo m'Chicheŵa ndi kupanga chiganizo cha Chingelezi. Chifukwa palibe amene adziŵa kuti asankhidwa ndani, ana anzeru amakakamizika kuphunzitsa anzawo ofooka asanaike mawu. Timawonjezeranso malikisi kwa gulu lotchula tanthauzo lachiŵiri. Apa mpamene pali phindu lalikulu, pakuti mawu amene amagwetsa ana pa mayeso si "qi" kapena "xu" ayi, koma mawu wamba okhala ndi matanthauzo angapo. "Bank" ndi nyumba yosungira ndalama, komanso ndi gombe la mtsinje monga Mudi kapena Nasolo. "Bat" ndi mleme, komanso ndi ndodo yomenyera mpira. "Spring" ndi kasupe, ndi nyengo ya chaka ku Ulaya, ndiponso ndi kudumpha. "Bear" ndi chimbalangondo, komanso ndi kusenza, kupirira ndi kubala.

Pali zoyenera kusamala. Seŵero lingathe kudya nthaŵi ya phunziro, choncho ife timalipatsa gawo lotsiriza la Lachisanu lokha. Ana ena amakonda kuthamangira mawu achilendo pofuna malikisi ambiri. Sitiwaletsa, koma lamulo la tanthauzo limawabweza msanga. Mawu onse amene mlembi walemba timawaika pa bolodi Lolemba, ndipo amaloŵa m'ndime yoŵerenga ndi m'chimangirizo cha sabata imeneyo, kuti asathere m'seŵero momwemo.

Inu amene mukuyembekeza kuyamba ntchito m'makalasi odzaza aŵa, musadikire mabuku okwanira. Yambani ndi zitsekerero 100, katoni mmodzi ndi dikishonale imodzi, ndipo mwana asalandire malikisi onse pa mawu amene sangathe kuwamasulira kwa amayi ake kunyumba.