Nthambo Imodzi, Makomo 24

Mmene ankagula galimoto yoyendera magetsi kumapeto kwa chaka cha 2023, mphunzitsi wina wa masamu mumzinda wa Johannesburg anali atawerengera zonse zimene munthu angathe kuwerengera ali yekha patebulo. Mtengo wa petulo unali utapitirira R25 pa lita m'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho, chikhalirecho ulendo wake wopita ndi kubwera kuntchito unali wa makilomita 60 tsiku ndi tsiku. Galimotoyo inali yaing'ono, yogwirapo kale ntchito, ndipo inkadya mayunitsi a magetsi pafupifupi 16 pa makilomita 100 alionse. Masamuwo anatuluka bwino. Chimene sanachilembe papepala n'chakuti khoma limene ankafuna kukhomapo tchaja silinali lake yekha.

Mphunzitsiyu anabadwira ku Dedza, ndipo mu 2009 anagula nyumba m'mdadada wosanjikizana wa makomo 24, womangidwa m'zaka za m'ma 1970. Malinga ndi lamulo la dziko la South Africa la Sectional Titles Act la mu 1986, wogula nyumba yotere umwini wake umalekezera pakati pa khoma, pakati pa siling'i ndi pakati pa simenti yapansi. Denga, masitepe, bwalo ndi nthambo yaikulu yobweretsa magetsi kuchokera kumsewu n'za eni nyumba onse pamodzi, amene lamulo limawatcha body corporate. Ngakhale malo amene ankaimikapo galimoto, olembedwa nambala ya khomo lake, anali pa nthaka ya onse. Iye anangopatsidwa kuti aziwagwiritsa ntchito.

Masabata oyambirira anachita zimene munthu wothedwa nzeru amachita. Usiku ankatsitsa chingwe chachitali kudzera pawindo la khitchini, chikulendewera pakhoma mpaka pansi pamene panali galimoto. Woyang'anira pamalopo, bambo wa ku Mangochi amene anali atasesa masitepewo kwa zaka zambiri, anamuyandikira m'mawa wina nati, "Achimwene, chingwe chanuchi chayamba kulankhulitsa anthu. Pitani nokha kwa akomiti asanakuitaneni." Iye anazengereza, ndipo kalata inamupeza lisanathe sabata. Inali yaulemu, koma yosapita m'mbali: chingwecho chichoke.

Wodziwa za magetsi amene anamuitana kuti aone za tchaja chokhazikika sanayambire pa malo a galimoto. Anapempha kiyi wa kachipinda ka mamita, ndipo m'menemo anamuonetsa chosinthira chachikulu cha mdadada wonse. Magetsi ankalowa pa mizere itatu, uliwonse wa maampeya 150 pa mavolti 230, kutanthauza makilowati pafupifupi 104. Kugawa mphamvu imeneyi kwa makomo 24, khomo lililonse limapeza makilowati anayi ndi pang'ono. Komabe giza yokha imadya pafupifupi makilowati atatu, osawerengera chitofu, ketulo ndi hita. Mdadadawo sunkazima kaamba koti omanga ake anadalira chinthu chimodzi chodziwika: anthu sayatsa zonse nthawi imodzi. Wina akamaphika wina ali m'basi, ndipo ketulo ikawira imazima. Tchaja cha makilowati 7.4, chimene ambiri amakhoma m'nyumba zoima pazokha, chimakoka maampeya 32 kwa maola angapo osapuma, pafupifupi gawo la makomo awiri. Kuti nthambo ikule, pankafunika kupempha ku City Power, kulipira mphamvu yowonjezerayo, ndiponso mwina kusintha nthambo ndi bokosi lonse, ndalama zake n'kuchokera m'matumba a onse.

Apa m'pamene mphunzitsiyo anayamba kuwerenga malamulo ngati mwana wokonzekera mayeso. Lamulo la Sectional Titles Schemes Management Act la mu 2011, limene linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2016, limati chigamulo chapadera chimafuna 75 peresenti ya oimiridwa pamsonkhano, powerenga mitu ya anthu komanso powerenga kukula kwa nyumba zawo. Mwini makomo atatu ndi munthu mmodzi pa kuwerenga koyamba, koma pa kuwerenga kwachiwiri mawu ake amalemera katatu. Kusintha katundu wa onse kumene kuli kofunikira kungadutse ndi chigamulo chotere, pamene kusintha kosafunikira kwenikweni kumalira kuti pasapezeke wokana ndi mmodzi yemwe. Choncho funso loyamba linali la mawu: kodi malo otchajira galimoto ndi chofunika, kapena ndi zokhumba za munthu mmodzi? Wapampando wa komiti anavomera kuti nkhaniyo ipite ngati chofunika, koma anachenjeza kuti wina akhoza kutsutsa.

Msonkhano unachitika mu Febuluwale 2024, m'galaja, anthu atakhala pa mipando yapulasitiki. Eni nyumba onse analipo 22, popeza mkulu wina anali ndi makomo atatu a lendi, ndipo amene anabwera kapena kutumiza owaimira anali 18. Mphunzitsiyo analankhula za mpweya woipa, za mtengo wa mafuta ndi za tsogolo, n'kupempha kuti nthambo ikulitsidwe. Woyamba kuyankha anali gogo a khomo lachinayi, namwino wopuma pantchito, amene analibe galimoto. "Mwanangu," anatero, "penshoni yanga imatha pa 20. Undiuze chifukwa chake ndilipire msewu wa magetsi opita m'galimoto yako. Ndipo iwe ukatchaja, wachiwiri akagula yake, wachisanu akagula yake, tidzaphikira chiyani?" Wina anakumbutsa anthu kuti mu 2023 magetsi a Eskom anazimazima masiku opitirira 300, ndiye kuonjezera katundu pa nthambo kunali ngati kusenzetsa mtolo munthu wodwala. Mayi wina anatchula za moto. Panali patangopita miyezi isanu ndi umodzi chichitikire ngozi ya pa 31 Ogasiti 2023, pamene nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa n'kupha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi. Moto umenewo sunakhudzane ndi galimoto zamagetsi, koma aliyense wogona m'nyumba yosanjikizana mumzindawo anali akuganizirabe za masitepe odzaza utsi.

Kenaka kumbuyo kunamveka mawu a munthu amene sanaimirire: "Kwawoko magetsi aliko n'komwe?" Ena anaseka, ena anawerama. Pofunika mavoti 14, anapeza 9.

Mawu akumbuyowo ndi amene anamusowetsa tulo. Anali atalipira chopereka cha pamwezi kwa zaka 15 osaphonya, anali atasonkhera utoto wa makoma ndi kukonza denga limene silinkadontha pamutu pake, koma usiku umodzi wokha unamubwezera pa mpando wa mlendo. Anaganiza zokadandaula ku Community Schemes Ombud Service, ofesi yoweruza mikangano ya m'nyumba zotere, imene ili ndi mphamvu yosintha chigamulo chokana popanda chifukwa chomveka. Anawerenganso za ku Norway, kumene kuyambira mu 2021 lamulo limapatsa wokhala m'mdadada ufulu woika tchaja pa malo ake pokhapokha komiti ikhale ndi chifukwa chenicheni chokanira. Anatsitsa fomu yodandaulira, nailemba theka.

Inamuimitsa ndi mbali imene inkafuna kuti afotokoze chifukwa chake kukanako kunali kosamveka. Atayesa kulemba, anapeza kuti funso la gogo aja analibe nalo yankho. Chipongwe chinachokera kwa munthu mmodzi, koma ena asanu ndi atatu amene anakana anali ndi mantha oti akhoza kuwerengedwa ndi manambala, ndipo iye, mphunzitsi wa masamu, anapita kwa iwo wopanda nambala ndi imodzi yomwe ya mdadada wawo. Anakumbukira mjigo wa kwawo ku Dedza, ndi mkangano umene unabuka pamene munthu wina anafuna kutungapo madzi oumbira njerwa. Anthu sanakane njerwazo. Anakana kuti mtsuko wa mayi wofuna kuphika udikire kumbuyo kwa migolo. Komiti ya mjigo inagamula kuti woumba njerwa azitunga dzuwa likapendeka, mzere utatha, ndi kuti azisonkha zochulukirapo pa zokonzera. Paja amati mutu umodzi susenza denga, koma iye anaona kuti mwambiwu uli ndi mbali ina: amene akufuna thandizo posenza denga ayenera kufunsanso ngati anzakewo adzagonamo.

Anapempha chilolezo cha komiti, ndipo ndi ndalama zake anaikitsa kachipangizo kolemba mphamvu yodutsa pa nthambo yaikulu kwa masabata asanu ndi limodzi, mu Juni ndi Julayi 2024, nyengo yozizira imene mahita ndi magiza amagwira ntchito kwambiri. Zotsatira zake zinaonetsa kuti gogo aja ankanena zoona: pakati pa 6 ndi 8 koloko madzulo mdadada unkafika pa makilowati 90, kotero kuti matchaja awiri okha akuluakulu akanagwetsa chosinthira anthu ali pakati pophika. Zinaonetsanso chimene palibe anachiganizira. Kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa mphamvu yogwiritsidwa ntchito sinkapitirira makilowati 35. Kwa maola asanu ndi awiri, magawo awiri mwa atatu a nthambo ankangokhala.

Pempho lake lachiwiri linali laling'ono kuposa loyamba. Nthambo isakulitsidwe. Paikidwe bokosi lapadera la matchaja, lopatsidwa makilowati 15 okha, loyaka 10 koloko usiku n'kuzima 5 koloko m'mawa. Tchaja chake chikhale cha makilowati 3.7, chimene chinkabwezera mayunitsi 10 a ulendo wake m'maola osakwana atatu. Galimoto zikadzachuluka, chipangizo chogawira chidzagawe makilowati 15 omwewo. Ngakhale zitafika zisanu ndi zitatu, iliyonse idzapeza mayunitsi pafupifupi 13 pa usiku, okwanira makilomita 80. Aliyense akhale ndi mita yakeyake yolipiriratu. Magetsi akazima n'kuyakanso, matchaja adikire mphindi 15, poti nthawi imeneyo magiza onse amayakira limodzi. Ntchitoyo igwiridwe ndi munthu wovomerezeka amene adzapereke satifiketi yotsimikizira kuti mawaya atsata muyezo wa SANS 10142-1, ndipo a inshuwalansi ya mdadada adziwitsidwe n'kuyankha m'kalata. Ndalama zonse zoyambira alipire iye, odzalowa pambuyo adzamubwezere gawo lawo.

Ulendo uno sanadikire msonkhano. Anagogoda khomo ndi khomo madzulo, pepala la mizere yokwera ndi kutsika lili m'manja. Mkulu wa makomo atatu anafunsa funso limodzi lokha, ngati alipirapo kanthu, ndipo atamva kuti ayi anati alendi ake a m'tsogolo mwina adzachifuna. Kwa gogo anakhalako ola lathunthu. Iwo anavala magalasi, natsata mzerewo ndi chala mpaka pamene unagwera pansi usiku.

"Ndiye ukuti galimoto yako idzadya ine nditagona?"

"Eya, Gogo. Ndipo ikafuna kudya nthawi yanu yophika, bokosilo lidzaikaniza."

"Nanga bwanji sunabwere ndi pepalali poyamba paja?"

"Ndinkaganiza kuti ndikudzakuphunzitsani, Gogo."

Iwo anaseka, namuthirira tiyi wina. Kenaka anamuuza kuti afuna lamulo limenelo la maola lilembedwe m'malamulo a mdadada, kuti lisadzathe iye akadzasamuka kapena iwo akadzamwalira. Anawonjezeranso kuti pafupi ndi bokosilo pakhale chozimitsira moto, ndipo woyang'anira pamalopo aphunzitsidwe pozimitsira magetsi ake, popeza ndiye amakhala maso ena onse ali m'tulo. Mfundo ziwirizi mphunzitsiyo anali asanaziganizire, ndipo zinalowa m'pempho monga momwe gogowo anazinenera.

Pa msonkhano wa mu Seputembala 2024 panali oimiridwa 20, ndipo pankafunika 15. Ovomera anali 16, ndipo powerenga kukula kwa nyumba anapitiriranso 75 peresenti. Munthu wa mawu akumbuyo uja anakana, monga unali ufulu wake, ndipo palibe anabwereranso ku zimene ananena. Mphunzitsiyo sanalandire kupepesa, ndipo mpaka lero akakumana naye pa masitepe amapatsana moni wouma. Fomu yodandaulira ija inatsala yolembedwa theka mu kompyuta.

Bokosilo linakhomedwa mwezi wotsatira, lili ndi malo anayi, atatu opanda kanthu. Usiku woyamba mphunzitsiyo anatsika itatsala pang'ono 10 koloko, napeza woyang'anira pamalopo ataima kale pomwepo ndi tochi. Anadikira limodzi osalankhula. Nthawi itakwana munamveka kaphokoso m'bokosimo, kanyali kobiriwira kanayaka, ndipo onse awiri anayang'ana m'mwamba, ku mawindo a mdadada. Pa khomo lachinayi nyale inali ikuyakabe.

"Sizinazime, achimwene," anatero bambo wa ku Mangochi uja, nazimitsa tochi yake. "Kagoneni, mawa kuli sukulu."