Kusankha pokhala pakati pa mapiri a Blantyre

Chaka chilichonse achinyamata ochokera m'maboma monga Chitipa, Mchinji ndi Nsanje amatsika basi mumzinda wa Blantyre ali ndi kalata yowaitana kusukulu ya ukachenjede ya MUBAS, yomwe inkatchedwa Polytechnic kufikira m'chaka cha 2021. Zipinda zogona za pasukulupo sizikwanira onse, choncho ambiri amayamba ndi kuyendayenda m'malokeshoni kufunafuna nyumba ya lendi.

Maso a ambiri amayamba agwera pa Chitawira, Naperi ndi Nkolokosa, chifukwa kuchokera kumeneko munthu amakafika m'kalasi wapansi. Eni nyumba amadziwa bwino phindu la kuyandikiraku, ndipo lendi yake ndi yokwera. N'chifukwa chake ophunzira amaunjikana angapo m'chipinda chimodzi, kugawana mbaula, tebulo ndi bilu ya magetsi. Komabe wokhala kumeneko akhoza kuwerenga kulaibulale mpaka madzulo osadera nkhawa za minibasi yomaliza.

Ku Ndirande, m'munsi mwa phiri la dzina lomwelo, moyo ndi wofewerapo pathumba. Msika wake ndi waukulu, ndipo bonya, masamba ndi makala zimagulitsidwa pamilu yaing'ono yolingana ndi ndalama ya wophunzira. Koma nyumba n'zothithikana, ndipo chipinda choyandikana ndi malo omwera mowa sichimupatsa munthu mpata wosinkhasinkha za mayeso.

Kum'mwera, m'mphepete mwa phiri la Soche, kuli Chilobwe. Kumeneko lendi imatsika munthu akamakwera mtunda, koma ndalama yopulumutsidwayo imathera pa minibasi ya m'mawa ndi madzulo. Nkhani ya madzi nayo ndi yofunika kuiganizira. Madzi ambiri a mzindawu amachokera mumtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, ndipo amakankhidwa ndi makina a magetsi kuti akwere zitunda. Magetsi akavuta, mipopi ya kumtunda ndiyo imayamba kuuma, ndipo wophunzira amayamba tsiku ndi chigubu m'manja m'malo mwa buku.

Phirilo lilinso ndi chenjezo lina lowawa. M'mwezi wa Malichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy idagumula nthaka ndi miyala ya ku Soche, n'kukokolola nyumba ndi kupha anthu ambiri ku Chilobwe. Chipinda chomangidwa pamalo otsetsereka kapena m'khwawa chikhoza kuoneka chabwino m'chilimwe, koma dzinja ndilo limaulula zoona zake.

Motero mtengo weniweni wa chipinda suthera pa ndalama imene mwini nyumba watchula. Wophunzira wanzeru amaphatikizapo ya minibasi, ya madzi ndi ya magetsi. Amakaonanso malowo usiku, ndipo amacheza ndi amayi a pampopi, amene amadziwa masiku omwe madzi amatuluka komanso njira imene madzi a mvula amadutsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. M'Blantyre, funso lofunsidwa lendi isanaperekedwe likhoza kupulumutsa chaka chonse cha maphunziro, mwinanso moyo umene.