Kusaka Mabuku mu Mzinda wa Blantyre

M'mbali mwa misewu ya pakati pa mzinda wa Blantyre, cha ku Victoria Avenue ndi Haile Selassie, ogulitsa mabuku amayala malonda awo dzuwa lisanapse. Ena amayala pa chiguduli, ena pa makatoni, n'kutsindira timiyala pamwamba kuti mphepo isamatembenuze masamba. Ulendo wanga ndinauyambira pamenepa chifukwa wogulitsa wa pamsewu sanyamula buku loti libwererenso kunyumba madzulo. Zimene wayala ndi zimene anthu amagula.

Pa mulu woyamba panali mabuku a Masamu, Bayoloje ndi Ulimi, ena zikuto zitamatidwa ndi selotepi. Pambali pake panali mapepala a mayeso akale a JCE ndi MSCE, ojambulitsidwa pa makina n'kumangidwa ndi masitepulo. Macbeth analipo, The Pearl analipo, kenaka Mabaibulo, mabuku ophunzitsa kulemera msanga, ndi nthano za Chingerezi zakale zomwe masamba ake achita chikasu. Buku la Chichewa lokhalo lomwe ndinaliona linali Nthondo la Samuel Josia Nthara. Ndinalitola ndi chimwemwe. Bukuli linapata mphoto pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, linatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa. Zaka zonsezi zapita, koma likugulidwabe pamsewu.

"Achimwene, nanga Sikusinja ndi Gwenembe muli nalo?" ndinafunsa.

"Limenelo mulibe, bambo. Ana sakulembera mayeso."

Yankho limeneli linandikhala pamtima. Nthondo ali ndi moyo pamsewupo chifukwa ali pa silabasi. Anzake, monga buku la John Gwengwe lomwe ndinafunsalo, Kokha Mcheperawakalulu la E.J. Chadza, Njala Bwana la Willie Zingani ndi Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba, amene ambiri a ife tinkabwerekana mpaka zikuto kuthothoka, sapezeka wamba. Mwana wobadwa lero angathe kumaliza sukulu osawaonapo ndi maso.

Ndinalowa m'sitolo ina ya mabuku. Munali mwaukhondo, mashelefu odzaza, koma odzaza ndi mabuku a sukulu, makope, mabuku a nyimbo za m'tchalitchi ndi Buku Lopatulika la misinkhu yosiyanasiyana. Makolo ankalowa atagwira kapepala ka mndandanda wochokera kwa aphunzitsi, n'kufunsa mtengo, ena n'kutuluka chimanjamanja. Sindingawadzudzule. Munthu amene akuwerengera ndalama ya ufa ndi ya fizi sangayambire kugula buku la nthano. Komabe dziko lino linakhalapo ndi nthawi imene Popular Publications ya ku Limbe, Dzuka ndi CLAIM ankatulutsa mabuku a alembi athu, magazini ya Moni ikuyenda manja ndi manja m'mabanja. Owerenga analipo chifukwa chowerenga chinalipo, pa mtengo woti mphunzitsi wa pulayimale n'kukwanitsa.

Kuchoka apo ndinapita ku laibulale ya National Library Service, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1967 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Aliyense wonena kuti Amalawi sawerenga ayambe wafika kuno nyengo ya mayeso ikamayandikira. Mipando imatha. Anyamata ndi atsikana amakhala mitu ili zyoli, chete, kumveka kokha kutembenuka kwa mapepala ndi kukwekwesa kwa mpando. Pa tebulo la nyuzipepala panali abambo achikulire akudikirana The Nation ndi The Daily Times, wina akamaliza n'kukankhira mnzake mwaulemu.

Nditayendayenda pakati pa matebulo ndinaona kuti ochepa okha ndiwo anatenga buku pa shelefu. Ambiri anabwera ndi zawo: kope la manotsi, ndi foni. Mtsikana wina amene anakhala pafupi ndi zenera anali ndi foni yong'aluka galasi pakona. Ankakulitsa zilembo ndi zala ziwiri, kuwerenga mizere itatu, kukopera m'kope, n'kusunthanso. Ndinamufunsa monong'ona chomwe ankawerenga, ndipo anandionetsa manotsi a Jogalafe omwe mnzake anamutumizira pa WhatsApp. Anati amabwera ku laibulale chifukwa kunyumba kuli phokoso la ana ndi wailesi. Kwa iyeyu laibulale ndi malo a bata, tebulo ndi kuwala, ndipo zimenezi si zazing'ono kwa mwana wochokera ku Ndirande kapena ku Bangwe komwe chipinda chimodzi amagonamo anayi.

Koma shelefu ili ndi ntchito imene manotsi a pafoni sangagwire. Manotsi amakupatsa chimene wapempha. Shelefu imakukumanitsa ndi chimene sunkachidziwa n'komwe. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anapeza buku la Using Energy m'kalaibulale kakang'ono ka kwawo, ndipo mu 2002 anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Palibe mphunzitsi anamutuma buku limenelo. Analipeza chifukwa linali pa shelefu ndipo chitseko chinali chotsegula.

Makina owerengera mabuku monga Kindle sindinawaone ndi munthu aliyense tsiku limenelo, ndipo sizodabwitsa: ndi odula, ndipo kugula buku mmenemo kumafuna khadi la kubanki lolipira ndalama zakunja. Chowerengera chathu ndi foni, chakudya chake ndi bandulo. Pa Facebook pali masamba amene achinyamata amalemba nthano za Chichewa zigawozigawo, anthu n'kumadikira gawo lotsatira mpaka usiku. Kalembedwe kake nthawi zina kamakhala kosasamalika, koma njala ya nkhani m'chinenero chathu ikuonekera poyera. Ndiponso kuyambira mu 2023 boma lakhala likufikitsa matabuleti m'sukulu za pulayimale kudzera mu pulogalamu ya BEFIT, kuti ana aziphunzirirapo kuwerenga ndi kuwerengera. Ana amenewa akadziwa kuwerenga pagalasi, adzapezapo chiyani cha Chichewa choposa manotsi?

Masana ndinatsikira ku Mandala House, nyumba ya nsanjika yomwe kampani ya African Lakes inamanga mu 1882. Ili pakati pa mitengo, khonde lake lalitali, phokoso la magalimoto limamveka chapatali. Pansi pali malo ogulitsira zithunzi ndi zosemasema komanso pomwera khofi. Ukakwera masitepe umafika ku laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946 likutchedwa Nyasaland Society. Muli fungo la mapepala okalamba. Muli mabuku a mbiri ya dziko lino, mamapu, zithunzi zakale, ndi magazini ya bungweli yomwe inayamba kutuluka mu 1948. Ndinatsegula buku lina mosamala, masamba ake ofewa ngati tsamba la fodya louma, ndipo ndinaona mayina a midzi ndi mafumu olembedwa mmene ankawatchulira agogo athu. Munthu umayamba kulankhula motsitsa mawu wekha popanda wokuuza.

Ndili m'chipindamo ndinakumbukira moto umene unapsereza laibulale ya Mzuzu University mu December 2015, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Mabuku a sayansi ochokera kunja amatha kugulidwanso kapena kupemphedwa kwa abwenzi. Buku la Chichewa limene linasindikizidwa kamodzi kokha, kampani yake n'kusiya kulitulutsa, likapsa kapena kudyedwa ndi chiswe ndiye kuti latheratu. Pamenepa mpamene foni ndi kompyuta zingatithandize kwambiri. Mabuku amenewa ajambulidwe, asungidwe, ndipo mogwirizana ndi alembi kapena mabanja awo, agulitsidwe pafoni pa mtengo wotsika, munthu n'kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba monga amachitira pogula magetsi. Bungwe la alembi la MAWU, la COSOMA loteteza umwini wa zolembedwa, ndi osindikiza mabuku angathe kukhalira pamodzi ntchito imeneyi. Njira zolipirira zilipo kale ndipo owerenga ndinawaona ndi maso anga.

Inu amene mukuwerenga pano, ngati m'sutikesi kapena m'kabati kwanu muli buku la Gwengwe, la Chadza, la Zingani kapena la Ntaba, litulutseni, lipukuteni fumbi. Musalole kuti akulungire mandasi kapena kuyatsira mbaula. Muwerengereni mwana wanu mutu umodzi madzulo ano, ndipo akalimaliza, mukalipereke ku laibulale ya sukulu ya kwanuko.