Chifalansa chotsalira m'poto

Masiku ano mawu akuti "Cajun" ali pena paliponse. Mukalowa m'sitolo zikuluzikulu muwapeza atalembedwa pa mapaketi a zokometsera ndiwo, pa tchipisi, pa nkhuku yootcha, mwinanso pa zakudya zimene eni dzinalo sadazionepo chibadwire. Ambiri akaona mawuwa amangoti basi, muli tsabola woyabwa umu. Koma kuno ku Lafayette, kum'mwera kwa chigawo cha Louisiana m'dziko la America, kumene ndikukhala ndi banja langa, Cajun ndi dzina la mtundu wa anthu, ndipo ena mwa iwo ndi aneba anga. Supu wa mbatatesi ndi soseji amene ndimaphika kukazizira amatchedwa ndi dzina lawo. Ndifuna ndikuuzeni kaphikidwe kake, komanso nkhawa imene supuyu wandisiyira mumtima.

Poyamba tidziwe eni dzina. Makolo awo adali Afalansa amene adakhazikika ku Acadia, dera limene lero ndi Nova Scotia ndi madera oyandikana nalo kum'mawa kwa Canada. M'chaka cha 1755 Angerezi adayamba kuwathamangitsa chifukwa chokana kulumbira kuti adzamvera mfumu ya ku Britain popanda kuika malire. Anthu oposa 10,000 adakwezedwa m'zombo, midzi yawo n'kutenthedwa, ndipo ambiri adafera m'njira ndi matenda kapena kumira. Otsala adamwazikana. Ena adafika ku Louisiana mu 1765 motsogozedwa ndi Joseph Broussard, ndipo mu 1785 zombo 7 zochokera ku France zidabweretsa ena pafupifupi 1,600. Adakhala m'madambo ndi m'mphepete mwa timitsinje, kulima, kuwedza, kuweta nkhumba ndi ng'ombe. Dzina lakuti "Acadien" lidatafunidwa m'kamwa mpaka lidasanduka "Cajun". Chakudya chawo n'cha anthu osauka aliwuma: poto mmodzi wachitsulo, moto wapang'onopang'ono, ndi pakamwa pambiri poyembekeza.

Tsono supu wathu uja. Chimayamba ndi soseji ya nkhumba yowamba pa utsi imene kuno amati andouille. Nyama yake ndi yodula zidutswa zooneka, yothira adyo ndi tsabola, ndipo imanunkhira nkhuni. Tauni ya LaPlace, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, ndiyo yotchuka nayo, ndipo kumeneko n'kudera kumene Ajeremani adakhazikika m'zaka za m'ma 1720, anthu odziwa kuwamba nyama. Ngati andouille palibe, soseji iliyonse ya nkhumba yowamba igwira ntchito. Ine ndimatenga theka la kilogalamu, kuidula mozungulira ngati makobidi, n'kuikazinga m'poto wokhuthala pansi mpaka ipsere m'mbali. Ndikatero ndimaichotsa, koma mafuta ake ndi tokakamira pansi pa poto sinditaya. Kukoma konse kwagona pamenepo.

M'mafuta omwewo ndimathira masipuni 3 a fulawa, ndipo ngati mafuta achepa ndimaonjezera batala. Apa ndiye pali mayeso. Fulawa wokazinga m'mafutayu dzina lake ndi roux, ndipo safuna munthu wa mtima wapachala. Umaima pomwepo ndi mthiko, kutakasa osalekeza, foni ilire ilire. Ukangoona timadontho takuda, dziwa kuti wapserera ndipo adzawawitsa poto yense. Palibe chomupulumutsa koma kutaya n'kuyambiranso. Pophika gumbo, ndiwo yawo yotchuka ija, amamutakasa mphindi 30 kapena kuposa mpaka ade ngati chokoleti. Wa supu uyu ndimamulekeza akafika pa mtundu wa chiponde, chifukwa roux akamaderadera mphamvu yake yolimbitsa msuzi imachepa, pamene ife tikufuna supu wolemerera. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Roux akafika pamene ndikufuna, ndimakhuthulira anyezi wamkulu 1, girini pepa 1 ndi timitengo 3 ta selari, zonse zoduladula bwino. Zitatuzi anthu a kuno, amene ambiri ndi Akatolika, amazitcha "utatu woyera", ndipo ndiwo zawo zambiri zimayambira pamenepa. Madzi a masambawa amaziziritsa roux kuti asapitirire kupsa. Zikafewa ndimaika adyo wosinja, kenako zokometsera: paprika, tsabola wofiira wa cayenne, tsabola wakuda, thyme ndi oregano. Amene akugwiritsa ntchito zosakanizasakaniza za m'chitini monga za Tony Chachere's, zimene zidayambira ku Opelousas mu 1972, alawe kaye asadathire mchere chifukwa muli kale wambiri.

Kenako lita 1 ya msuzi wa nkhuku, kuthira pang'onopang'ono uku ukutakasa kuti pasakhale mibulu. Mbatatesi kilogalamu 1, zosenda ndi zodula timagawo tofanana, zimalowa tsopano. Zibwate mphindi 15 mpaka 20, mpaka foloko izilowa mosavuta. Ndimatenga chipande n'kukanyira zina m'mbali mwa poto, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, kuti ufa wake ulimbitse msuzi pamene zinazo zikhale zoti mano atafuneko. Soseji ija ibwerere. Pomaliza ndimachepetsa moto n'kuthira kapu 1 ya kirimu. Akalowa kirimu, poto asabwatenso mwaphokoso, makamaka ngati mwagwiritsa ntchito mkaka wamba, chifukwa umatha kudukaduka. Pamwamba ndimawaza masamba a anyezi aawisi.

Ntchito ya kirimu ikufanana ndi ya nsinjiro potendera ndiwo: kufewetsa ndi kugwirizanitsa zonse. Palinso china. Chimene chimayabwa mu tsabola, chotchedwa capsaicin, sichisungunuka m'madzi koma m'mafuta, ndipo mkaka umachigwira. N'chifukwa chake munthu woyabwidwa akamwa madzi moto sutha, koma akamwa mkaka amapezako bwino. M'supu uyu tsabola samenya lilime nthawi yomweyo. Amadikira umeze, kenako n'kuyamba kukufunditsa pachifuwa. Wofuna ukali wowonjezera adontheze yekha Tabasco m'mbale mwake. Nayenso ngwa konkuno, amapangidwa ku Avery Island, kumene Edmund McIlhenny adayamba ntchitoyi mu 1868.

Amene adandiphunzitsa roux ndi mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana ndi yathu, wobadwira m'mudzi wina kumadambo kuno. Nditawapatsira supuyu m'bakuli, adadya yense, n'kupukuta mbale ndi buledi. Kenako adati, "Mwaphika bwino, mwana wanga. Koma amayi anga akadauka lero sakadamudziwa ameneyu."

Ndidafunsa chifukwa. Adati kwawo mbatatesi ankaziphika mu roux wakuda bii, popanda kirimu, n'kuikamo kachidutswa ka soseji ngati kalipo, kapena mazira ngati soseji palibe, ndipo ankadyera mpunga. Chidali chakudya cha masiku amene m'thumba muli mbee. Soseji yeniyeni inkaoneka pa nthawi ya boucherie, pamene mabanja ankasonkhana kupha nkhumba n'kugawana, popeza kudalibe mafiriji ndipo nyama inkayenera kudyedwa kapena kuwambidwa msanga. Tsabola ankathira, inde, koma osati woti munthu achite kulira. "Zoti ife timadya moto zidabwera ndi wailesi yakanema," adatero uku akuseka.

Sadaname. Chakudya cha a Cajun chidatchuka kunja kwa Louisiana m'zaka za m'ma 1980 kudzera mwa Paul Prudhomme, mwana wa alimi a kufupi ndi Opelousas, amene adatsegula lesitilanti ya K-Paul's ku New Orleans mu 1979 n'kutulutsa buku la maphikidwe mu 1984. Nsomba yake ya redfish, yowaza zokometsera n'kuiwaula pa chiwaya chotentha kwambiri, idapenga nayo America yense mpaka boma lidachita kuletsa kuiwedza mwamalonda m'madera ena a nyanja kuopa kuti ingathe. Kuchokera apo aliyense wothira tsabola wofiira pa chakudya adayamba kuchitcha Cajun. Supu wanga wa kirimu ndi mdzukulu wa nyengo imeneyo. Ali ndi magazi a kumudzi, koma adakulira m'tauni.

Zimenezi sizidandidandaulitse, pakuti chakudya chimasintha ndi anthu ake. Chidandigwira mtima n'china. Mayiwa akakhala kukhitchini, Chifalansa chimatuluka chokha: roux, andouille, boudin, fricassée, boucherie. Chakudya chikakoma amati "ça c'est bon". Mwana akadutsa amamuitana "cher". Koma tikachoka pa mbaula n'kukhala pakhonde, Chifalansa chija chimathera pakhomo. Nkhani za matenda, za ndale, za maliro, zonse m'Chingerezi. Ndidawafunsa ngati amatha kucheza m'chinenero cha makolo awo. Adapukusa mutu.

Malamulo aakulu a Louisiana a mu 1921 adakhazikitsa kuti m'sukulu zaboma aziphunzitsa m'Chingerezi. Ana a m'midzi, amene ankafika kusukulu osadziwa Chingerezi ndi liwu limodzi lomwe, ankalangidwa akamveka akuyankhula Chifalansa. Amayi a neba wangayu adagwaditsidwapo pa maso a chimanga, n'kulembetsedwa kambirimbiri lonjezo lakuti sadzayankhulanso chinenero chawo pasukulu. Atakula n'kubereka, adalumbira kuti ana awo sadzaona manyazi amenewo. Chifalansa adachisandutsa chinenero cha akuluakulu, chokambira zinsinsi ana akakhala pafupi. Boma lidasintha maganizo mu 1968 n'kukhazikitsa bungwe la CODOFIL loti litukule Chifalansa, ndipo lero kuli sukulu zimene ana amaphunzira maphunziro awo m'chinenerochi. Koma m'nyumba zambiri chingwe chidali chitaduka kale. Mdzukulu angaphunzire Chifalansa cha m'buku, koma nthabwala za agogo ake zidapita nawo kumanda.

"Kuphika adandiphunzitsa zonse," adatero mayiwo. "Palibe amene ankamenyedwa chifukwa cha gumbo."

Mawu amenewa amandisowetsa tulo. Ana anga awiri akukulira konkuno. Nsima amaidziwa, ndiwo amazidziwa, mandasi ndi futali amazitchula bwinobwino. Akafuna kuwonjezera amati "pang'ono", akakhuta amati "zikomo". Koma ndikawafunsa m'Chichewa za kusukulu, yankho limabwera m'Chingerezi. Agogo awo akaimba foni, macheza amatha pa "Muli bwanji?" ndi "Ndili bwino", kenako foni imabwerera kwa ine. Palibe mphunzitsi amene wawagwaditsa pa chimanga. Palibe lamulo lawaletsa. Chikungochitika chokha, mwakachetechete, chifukwa Chingerezi ndicho chili m'basi ya sukulu, pa wailesi yakanema ndi pa intaneti. Ndikawayang'ana mayi aja akutchula mawu awo asanu ndi limodzi a kukhitchini monyadira, ndimaona mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 70, akuuza neba wake kuti amayi ake ankati "ndiwo".

Abale anga okhala kunja timakonda kudzitonthoza ndi ufa. Tikapeza ufa woyera m'sitolo ya anthu a ku Africa, tikaphika nsima Loweruka n'kuitana anzathu, timati chikhalidwe tachisunga. A Cajun andiphunzitsa kuti poto ndi wouma mutu: adapulumuka zombo za 1755, adapulumuka chikwapu cha m'kalasi, lero akugulitsidwa padziko lonse. Chinenero n'chofooka kuposa pamenepo. M'badwo umodzi wokha ukangokhala chete, chapita, ndipo dzina la mtundu wanu limatsala pa paketi ya tchipisi.

Tsono popeza kukhitchini ndiko chinenero chimachedwa kufa, ndiko ndaika sukulu yanga. Tsiku lophika supuyu ana amakhala nane pa mbaula, ndipo lamulo n'limodzi: poto akakhala pamoto, Chingerezi chidikire panja. Wina asenda mbatatesi, wina atakasa roux. Mphindi zotakasa zija n'zambiri, ndipo munthu sungachoke, choncho timacheza. Sindilekera pa mayina a zinthu. Ndimawafunsa amene wawakwiyitsa lero, ndimawauza za maliro a kumudzi, za msuweni wawo amene wakwatira, za mmene agogo awo aamuna ankaopera agalu. Amayankha mopotokapotoka, nthawi zina theka Chichewa theka Chingerezi, koma amayankha.

Neba wathu uja naye amabwera masiku ena. Adayamba kupita ku gulu la anthu amene amakumana m'mawa pa khofi kuti azicheza m'Chifalansa chokhachokha. Magulu otere alipo angapo m'dera lino. Akuti amakhala chete nthawi yambiri, koma mawu ena amene adawamva ali mwana kuseri kwa chitseko ayamba kubwerera. Mlungu wathawu adaphunzitsa mwana wanga wamwamuna kuwerenga mpaka 10 m'Chifalansa, iye n'kuwabwezera ndi "chimodzi, ziwiri, zitatu".

Mukaphika supuyu, phikani wambiri. Mawa lake amakoma kuposa, popeza utsi wa soseji umakhala utalowerera m'mbatatesi, ngakhale amalimba usiku. Muthireko madzi kapena mkaka pang'ono, mumutenthetse pa moto wochepa, ndipo amene ali pafupi nanu mumuitane m'chinenero chimene amayi anu ankakuitanirani kudzadya.